Tsitsi la Mchira ndi liwu loti kilipi

Mayi ake a Mchira anafika kunyumba dzuwa litapendeka, msana ukuwawa, maso akuyabwa chifukwa chosuzumira bowo la singano tsiku lonse. Ntchito yawo inali yopinda mathalauza, kuika mazipi ndi kusoka zigamba pa shopu ya telala, ndipo chimene ankafuna madzulo amenewo chinali kuvula nsapato n'kukhala pansi, basi. Koma atangokankha chitseko anapeza mwana wawo wamkazi atakhala pampando pakati pa balaza, thaulo lili m'mapewa, nyuzipepala atayala pansi, sizasi ili pamiyendo.

"Kwagwanji muno?" anafunsa, chikwama chidakali m'khwapa.

"Amayi, ndimeteni."

Mayiwo anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ananso sizasiyo. Inali yawo yodulira nsalu, imene saloleza munthu aliyense kuigwira.

Mtsikanayu dzina loti Mchira analipeza chifukwa cha tsitsi lomwelo. Kusukulu ana onse ankawameta mpala, ndipo tsiku limene analemba mayeso omaliza ananena poyera kuti lumo silidzamukhudzanso pamutu. Anasiya tsitsi likule, nalipota zingwezingwe, ndipo tsopano linkafika m'chiuno. Akamayenda linkagwedera kumbuyo, ndiye bambo ake anayamba kumutcha Mchira, dzinalo n'kumatirira mpaka mumsewu monse.

Palibe munthu amene analimbana ndi tsitsi limeneli kuposa mayi ake. Ndi iwo amene ankazula nyenyeswa zake m'sinki ikatsekeka. Sopo sankakhalitsa. Lamlungu masana, anzawo akugona, iwo ankakhala atapanira mutu wa mwanayo m'mawondo, akupota latsopano lomera kumizu, zala zikuchita dzanzi. Ankamuuza kuti tsiku lina adzamumeta ali m'tulo. Lero mwini wake ndiye anali atayala nyuzipepala.

"Tayamba wafotokoza. Akuthamangitsa?"

"Sanandithamangitse. Koma mawa andithamangitsa."

Tsiku limenelo Mchira anali atayamba ntchito ku bekale yaikulu yophika buledi, atatha nsapato akuzungulira m'maofesi ndi m'mafakitale. Anamuika pafupi ndi makina okandira ufa. Ali mkati mogwira ntchito, zingwe zingapo za tsitsi zinapulumuka m'chipewa n'kulendewera kutsogolo. Kapitawo wa m'chipindamo, mayi wamfupi amene amalamula m'Chingerezi mokuwa chifukwa cha phokoso la makina, anathamanga, nazimitsa makinawo, naloza tsitsilo.

"Anangoti, 'Clip it.' Kenako anati ndikabwera mawa lili chonchi ndibwerere pageti."

"Ndiye iwe sunafunse kuti akutanthauzanji?"

"Ndikanafunsa bwanji, amayi? Tsiku loyamba, anthu onse ali maso pa ine. Iwo anangotembenuka n'kumapita."

"Pakamwa ponsepo, pamene umandiyankha napo ine muno, panakathera pageti?"

Mchira sanaseke. Anangokonza thaulo m'mapewamo.

Nthawi yomweyo bambo a m'nyumbamo anatuluka kubafa akudzipukuta m'khosi. Iwo ankasamalira maluwa ndi kapinga pa hotela ina, ndipo zinkaoneka kuti nkhaniyi anali ataigamula kale mkazi wawo asanafike.

"Amake Mchira, apa palibe chovuta," anatero. "Liwu limeneli ine ndimadya nalo. Bwana akati kilipi mpanda wa maluwa uwo, sindipita kukaumanga ndi chingwe. Ndimatenga chisizasi changa chija n'kuusadza mpaka ulingane ngati tebulo. Zikhadabo nazo, powenga amati kilipi. Nkhosa pozimeta ubweya, kilipi. Kilipi ndi kudula, basi."

"Ndiye mwana wanu wasanduka mpanda wa pahotela?"

"Ine ndikungomasulira. Chingerezi si ine ndinachipanga."

Makoma a nyumba zimenezo ndi opyapyala, moti munthu akayetsemula mnzake wa khomo linalo amayankha. Posakhalitsa panamveka kugogoda, n'kulowa a kalaliki, neba wawo wogwira ntchito muofesi, atanyamula simbi imene anabwereka kalekale. Simbiyo inali chonamizira chabe.

"Pepani, ndamvako pang'ono," anatero akuika simbiyo patebulo. "Achimwene, mwaphonya. Kilipi ndi kupanira. Taonani." Anapisa m'thumba la malaya natulutsa kawaya kopindapinda. "Aka ndi kakilipi. Timaphatikizira mapepala kuti asabalalike. Cholembera ichi chakakamira pathumba chifukwa cha kilipi. Chiphaso changa cha kuntchito ndimachipanira pachifuwa ndi kilipi. Kodi pamenepa ndadula chiyani?"

"Nanga zija mumatumizirana pafoni zija?" anatero bambo a Mchira. "Kakanema kafupi kaja simumati kilipi? Sikuti akadula ku chikanema chachitali?"

A kalaliki anakanda kuseri kwa khutu. "Pamenepo ndiye mwandigwira. Komatu ndolo zina zopanda kuboola khutu amati za kilipi."

"Nanga nkhani ya m'nyuzi akaidula n'kuisunga?"

"Akatha kuidulako amaipanira ndi chiyani?"

Anthu awiriwo anaseka, nkhani n'kuwakomera ngati ali pa mpira. Mayi ake a Mchira anavula nsapato imodzi, kenako inayo, akuwamvetsera. Ngakhale anali otopa, liwulo linawadabwitsa. Kaliwu kochepa ngati batani, koma kogwira ntchito ziwiri zodana. Kamodzi komweko kakuti gwira pamodzi, kakutinso chotsa. M'chinenero chawo kumanga ndi kumanga, kudula ndi kudula, ndipo munthu akakutuma sungabwere ndi chingwe pamene amafuna mpeni. Anaganiza kuti amene anapanga liwu limeneli ayenera kuti anali munthu wotanganidwa, wa ana ambiri, wopanda nthawi yotchula mawu awiri.

Koma kuseka kwa amunawo kunawakwana atayang'ana mwana wawo. Mchira anali chikhalire, msana uli chilili, manja ali pamawondo. Sankalira. Maso anali atafiira, kusonyeza kuti kulirako anathana nako yekha m'basi.

"Amayi, zisiyeni izo," anatero. "Kaya ndi kumanga kaya ndi kudula, ndikameta palibe amene angandibweze pageti. Ntchito ija sindikufuna kuitaya. Dulani."

Mayiwo anatenga sizasi, nazungulira kumbuyo kwa mpando, nanyamula chingwe chimodzi cha tsitsi. Chinali cholemera, chofunda, chonunkhira mafuta amene iwo omwe anapaka. Zingwe zonsezo ankazidziwa chimodzichimodzi: chonenepa cha pankhongo, chopyapyala cha kuseri kwa khutu chimene chinatsala pang'ono kuduka iwo n'kuchilumikiza ndi ulusi, ziwiri za pamwamba zimene zinkakonda kumatana. Anatsegula sizasi. Khosi la mwanayo silinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Anadzifunsa kuti kodi mwana ameneyu analimba liti chonchi. Ndi yemwe uja ankakuwa ngati akuphedwa chipeso chikangomukhudza. Lero akupereka yekha chinthu chokhacho chimene anadzisankhira pa moyo wake, popanda kudandaulira munthu, kuti mawa akaime pa makina ngati anzake. Zimenezo zinawakwiyitsa.

Anatseka sizasi ija osadula kanthu.

"Dzuka. Chotsa manyuziwa, ukundidetsera m'nyumba."

"Amayi..."

"Ndati dzuka. Kushopu munthu akabwera ndi thalauza lalitali sindiyamba ndi sizasi. Ndimapinda, n'kubaya mapini, iye n'kuvala n'kuyenda nalo. Likakhala kuti silinakhale bwino ndimazula mapini. Koma ndikadula, ndadula, mwini wake ngakhale alire bwanji. Mawa tilimanga. Ndikuperekeza ndekha, sizasi ili m'chikwama. Akakanena kuti amatanthauza kudula, ndikakumetera pageti pomwepo, ukalowa nthawi yake."

"Anthu akandiseka, kupita kuntchito ndi amayi anga!"

"Akakusekadi. Kuseka sikumeretsa tsitsi, sikulidulanso."

Bambo a Mchira anatsegula pakamwa, koma mkazi wawo anawayang'ana kamodzi, iwo n'kutembenukira ku simbi ija ngati akuiona koyamba. A kalaliki anasiya kakilipi kawo patebulo, nati mwina kangathandize, n'kutuluka mwakachetechete.

M'mawa mayiwo anadzuka ndi ntchito. Anali atagula makilipi a tsitsi pagolosale ya pakona, ang'onoang'ono akuda aja ndi ena akuluakulu a mano ngati a ng'ona. Anakulunga tsitsi lonse pamwamba pa mutu, napanira uku, napanira uko, ena atawaluma pakamwa. Pomaliza mutu wa Mchira unali ndi zitsulo zambiri kuposa njinga. Chipewa choyera cha kuntchito chinalowa mokakamiza, n'kuima ngati chulu.

M'basi mayiwo ankadziwa kuti kushopu achedwa ndipo telala akawalandira ndi nkhope yokwinya, koma analibe mphamvu zoganizira zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Pageti la bekale panali fungo la buledi wotentha, malole akutuluka, antchito akulowa atavala zoyera. Ena anayang'ana chulu chija n'kugwirana m'nthiti. Mchira anaweramitsa mutu, kenako anaudzutsanso.

"Ndi awo," ananong'ona.

Kapitawo anali mayi wamfupi zedi, wa mapewa otambalala, chipewa chake chitatsika mpaka kuphimba makutu. Ankayenda mofulumira ngati pansi pakutentha. Mayi ake a Mchira anamuimirira kutsogolo.

"Pepani mayi, mwadzuka bwanji? Ine ndine mayi wake wa mwana uyu. Sindikuchedwetsani, nanenso ndili ndi ntchito. Dzulo munamuuza liwu limene latigonetsa ndi mutu. Kwathu wina akuti ndi kudula, wina akuti ndi kupanira. Ine ndapanira. Sizasi ili umu. Nenani chimodzi."

Kapitawoyo anayang'ana mayiyo, chikwama, kenako chulu chija. Milomo inagwedera pang'ono, koma sanaseke. Poyankha sanalankhule Chingerezi, analankhula ngati munthu wa khomo loyandikana nalo.

"Ndadzuka bwino, mayi. Onse awiri akunena zoona."

"Ndiye ife titani?"

"Liwu limenelija ndimalikonda dala. M'kati muja muli phokoso, sungapange msonkhano. Ndikati kilipi ndanena zonse: limange kapena ulidule, usankhe wekha, mutu ndi wako. Ine changa n'chakuti lisalendewere pa makina anga." Anatembenukira kwa Mchira. "Iwe, vula chipewa. Tadumpha."

"Ndidumphe?"

"Dumpha. Gwedeza mutu. Werama ngati ukutola thumba la ufa."

Mchira anadumpha, nagwedeza mutu, nawerama. Kakilipi kamodzi kanathothoka n'kugwa pasimenti kuti ngwe. Kenaka kena. Chimodzi cha mano a ng'ona chija chinatseguka chokha, zingwe za tsitsi n'kutsika pang'onopang'ono mpaka paphewa.

Kapitawo anatola kakilipi kamodzi nakaonetsa mayiwo. "Aka kakagwera mu ufa, mawa kali m'kamwa mwa mwana wa munthu wina. Zitsulo zotere m'kati muja sizilowa. Atsikana ena amapanira ndi chimodzi chapulasitiki mkati mwa neti ya kumutu, n'kukwana. Koma tsitsi ili ndi katundu, mayi. Palibe kilipi imene ingalisenze."

Mayi ake a Mchira anapsa mtima. "Ndiye bwenzi mutangonena dzulo kuti amete, m'malo momuzunza mwana ndi mawu a pakamwa pawiri."

Kapitawo anayang'ana uku ndi uku, nakweza chipewa chake mbali imodzi. Pamwamba pa khutu lamanzere panalibe tsitsi. Panali chipsera chosalala, chonyezimira, chachikulu ngati chikhatho, chokwera mpaka pakati pa mutu. Anabwezeretsa chipewacho msanga.

"Langa linali lalitali kuposa ili," anatero. "Linapulumuka kamodzi kokha. Makina samva Chingerezi, samvanso kukuwa. Koma sindinauzepo mwana wa munthu kuti amete. Amene linamuchoka mosafuna salamula zimenezo."

Mkwiyo wa mayiwo unaphwa. Anamuyang'ananso bwino mayi wamfupiyo, amene dzulo anathamanga kukazimitsa makina chifukwa cha mwana wa eni wongoyamba kumene. Belu loyamba linalira m'kati.

"Likalira lachiwiri ndimatseka chitseko," anatero kapitawo.

Mchira anakhala pa sitepe ya kanyumba ka mlonda, nafutukula mapewa. "Amayi, dulani. Nthawi yatha."

"Khala chete. Gwira izi."

Mayiwo anazula makilipi onse mofulumira n'kuwathira m'manja mwa mwanayo. Anatsegula chikwama, koma chimene anatulutsa sichinali sizasi. Inali singano yaikulu yosokera majini, ndi ulusi wakuda wolimba. Analowetsa ulusi kamodzi kokha, osaphonya. Anagawa tsitsi patatu, naluka chingwe chimodzi chonenepa, nachizunguliza chogona pamutu ngati nkhata, n'kuyamba kusoka. Singano inkalowa m'chingwe ichi n'kutulukira m'chinzake, osakhudza khungu. Ankakoka ulusi ndi mano, kumanga mfundo, kupitiriza. Mlonda anasiya geti n'kubwera kudzaonerera. Kapitawo anapinda manja, maso ali pa zala za mayiwo.

"Mukundikoka, amayi."

"Ukufuna ntchito kapena ukufuna kusisitidwa?"

Nkhata ija inagona bwino, yolimba ngati chipewa chachiwiri. Koma nsonga za zingwe zazitali kwambiri zinatsalira pankhongo. Mayiwo anazipinda, zinadzuka. Anazilowetsa pansi, zinatukula chipewa. Malo anali atatha. Anaima, singano ili pakamwa.

Mchira anapisa dzanja kumbuyo nazigwira nsongazo. Anadziyeza yekha ndi zala, kutalika kwake ngati chikhatho chimodzi.

"Izi zokha," anatero. "Dulani apa."

Ulendo uno mayiwo sanazengereze. Sizasi yodulira nsalu inaluma kamodzi, nsonga zija n'kutsalira m'dzanja lawo. Anasoka podulapo kuti pasamasuke, namanga mfundo yomaliza, naluma ulusi.

"Dumpha," anatero iwo eni, kapitawo asananene.

Mchira anadumpha. Anagwedeza mutu mwamphamvu ngati akukana mlandu. Anawerama mpaka zala kukhudza pansi. Palibe chinasuntha. Kapitawo anazungulira kumbuyo, nalowetsa chala m'mphepete mwa nkhatayo, nakoka. Kenako anatenga neti m'thumba la epuloni yake, namuveka yekha mtsikanayo, n'kuikapo chipewa pamwamba. Chinakhala bwinobwino ngati cha wina aliyense.

"Lowa," anatero. "Usambe m'manja mpaka m'zigongono."

Mchira anakhuthulira makilipi aja m'chikwama cha mayi ake. Anafuna kunena kanthu, koma belu lachiwiri linayamba kulira, iye n'kuthamanga. Mayiwo anamuyang'ana akudutsa pabwalo, khosi lili pamtunda, akulowa pakati pa anzake ovala zoyera mpaka osathanso kumusiyanitsa.

Anakulunga nsonga za tsitsi zija m'kansalu, nabaya singano pa kolala ya bulauzi yawo, natseka chikwama. Anali atatembenuka kale pamene kapitawo anawaitana ali pachitseko.

"Mayi! Ulusiwo watsalako?"

Pambali pake panaima mtsikana wina wamtali, wa mameshi ofika pamsana, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Ine ndachedwa kuntchito," anatero mayi ake a Mchira. "Telala akandidya wamoyo."

Mtsikanayo anangokweza maso pang'ono. Mayiwo anapumira m'mwamba, naika chikwama pa sitepe paja.

"Bwera kuno, iwe. Khala apa. Ndipo usandiuze kuti ndikukukoka."